Magetsi odutsa malire: pangano la awiri, msika wa SAPP, kapena bungwe lokhala ndi mano?

Kuchokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kukafika ku Phombeya m'boma la Balaka ndi makilomita 218 okha. Umenewu ndiwo utali wa nthambo ya makilovoti 400 yolumikiza Malawi ku magetsi a mayiko anzake. Nkhani yake ndi yakale. Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza ndalama zake mu 2007, boma la Bingu wa Mutharika linaikankhira pambali poona kuti ndalama zolipira zinali zochuluka, Joyce Banda ndi Armando Guebuza anasainirananso mu 2013, ndipo mwala wa maziko ku Phombeya anauika Lazarus Chakwera ndi Filipe Nyusi mu Epulo 2022. Zaka 15 zinatha mzati usanadzalidwe. Sikuti zitsulo zinasowa kapena mainjiniya anali atathawa. Chimene chinavuta ndi mafunso a pa tebulo: alipira ndani, zingati, m'ndalama yanji, nanga wina akaphwanya pangano mnzake akadandaula kuti?

Pa misonkhano ya SADC mumamva nduna zikunena kuti tiyenera kulimbikitsa mabungwe a m'chigawo oyendetsa malonda a magetsi. Mawuwo ndi amodzi, koma mkati mwake muli njira zosiyana kwambiri, ndipo ina ikhoza kudya ndalama ndi nthawi ya inzake. Pali kudalira mapangano a mayiko awiriawiri. Pali kukulitsa msika wa onse. Pali kukhazikitsa bungwe loweruza lomwe chigamulo chake chimamanga mayiko. Palinso kupanga kampani ya pamodzi yokhala mwini wa nthambo kapena damu. Zonsezi zayesedwa kale kwina m'mayiko osauka ngati athu, choncho sitikuyerekeza maloto.

Pangano la awiri

Iyi ndiyo njira yakale, ndipo mpaka lero magetsi ambiri odutsa malire kuno kum'mwera kwa Africa amayenda motere. Damu la Cahora Bassa ku Mozambique, lomwe lili ndi mphamvu ya mamegawati 2,075, limatumiza gawo lalikulu la magetsi ake ku Eskom, kampani ya magetsi ya South Africa, pa nthambo ya makilomita pafupifupi 1,400 yokathera ku siteshoni ya Apollo pafupi ndi Johannesburg. Kum'mawa, Kenya inayamba kugula mamegawati 200 kwa Ethiopia kumapeto kwa 2022 pa pangano la zaka 25, kudzera pa nthambo ya makilomita oposa 1,000. Malawi nayonso ikulowa pa khomo lomweli: mamegawati 50 poyambira, ochokera ku Mozambique.

Ubwino wake ndi wosavuta kuuona. Wobwereketsa ndalama zomangira nthambo amafuna kuona pepala lonena kuti pali wogula wodziwika kwa zaka zambiri, ndipo pangano la awiri limapereka pepala limenelo. Wogula naye amadziwa kuti magetsi ake alipo, pa mtengo wodziwika, ndipo angathe kulonjeza mwini fakitale kuti makina sadzaima.

Koma werengani bwino mawu ang'onoang'ono. Mapangano ambiri otere amati mulipira kaya magetsiwo mwatenga kapena simunatenge. Pa nthawi imene madzi mu Shire ali ambiri ndipo Nkula, Tedzani ndi Kapichira zikuyenda bwino, bilu ya madola imabwerabe. Chachiwiri, wamng'ono amakambirana ali chogwada. Ukakhala ndi nthambo imodzi yopita kwa wogulitsa mmodzi, ulibe kwina koloza chala kuti "kumeneko n'kotchipa".

Chachitatu ndicho chowawa. Wogulitsa akapanikizika amayamba waona za kwawo. Kumayambiriro kwa 2008, magetsi atavuta ku South Africa mpaka migodi kuima, mayiko odalira Eskom monga Botswana ndi Namibia anaona magetsi awo akuchepetsedwa. Ndipo nthawi zina si kusowa kwa magetsi konse, koma ndale. Asilikali atalanda boma ku Niger mu Julaye 2023, Nigeria inadula magetsi m'masiku ochepa potsatira zilango za ECOWAS, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa, pamene Niger inkatenga pafupifupi 70 peresenti ya magetsi ake kumeneko. Pangano linalipo, losainidwa bwinobwino. Mzinda wa Niamey unakhala mu mdima.

Ndiye pangano la awiri ndi lofunika, koma si bungwe. Limalimba pamene awiriwo akumvana, n'kufooka tsiku lomwelo limene mukulifuna kwambiri.

Msika wa onse

Southern African Power Pool, imene ambiri amangoti SAPP, inakhazikitsidwa mu Ogasiti 1995 pa msonkhano wa SADC ku Kempton Park, ndipo ofesi yake yoyendetsa zinthu ili ku Harare. Mamembala ake akuluakulu ndi makampani a boma a magetsi a mayiko 12. Kwa zaka zambiri atatu mwa iwo, a Malawi, Angola ndi Tanzania, akhala mamembala a pa pepala: amapita ku misonkhano, amalipira za umembala, koma alibe nthambo yaikulu yowalumikiza ku gulu lonse. Ife timangokhala ndi tinthambo tating'ono ta m'malire, monga ka pakati pa Chipata ndi Mchinji.

Msika wa kanthawi kochepa unayamba mu 2001, ndipo mu 2009 kunabwera msika wogula lero magetsi a mawa. Umayenda chonchi. M'mawa uliwonse, wogwira ntchito pa desiki ya malonda ku ZESCO ya Zambia, ku EDM ya Mozambique kapena ku NamPower ya Namibia amakhala pa kompyuta n'kulemba, ola ndi ola kwa maola 24 a mawa, kuchuluka kwa magetsi amene akufuna kugula kapena kugulitsa ndi mtengo umene angalole. Nthawi ikakwana, makina amaphatikiza zonse, n'kupeza mtengo umodzi wa ola lililonse pamene ogula ndi ogulitsa akumana. Wogula sadziwa kuti magetsi ake achokera kwa ndani, ndipo safunika kudziwa. Ngati nthambo ya pakati pa madera awiri yadzaza, msika umagawika, mtengo n'kukwera kumbali yosowa ndi kutsika kumbali ya zochuluka. Pambuyo pake anawonjezera msika wa tsiku lomwelo komanso wa sabata ndi mwezi wa kutsogolo.

Kwa dziko ngati Malawi, phindu lake lili pa maola. Pakati pa usiku, mafakitale atatseka, magetsi m'chigawo amatchipa. Madzulo, pamene amayi akuphika ndipo mababu onse ayaka, amakwera mtengo. Amene ali ndi damu lotha kusunga madzi masana n'kuwatsegula madzulo amagulitsa pa nthawi yokoma. Pulani ya siteshoni ya Mpatamanga pa Shire, ya mamegawati 358, inakonzedwa ndi nzeru imeneyi. Komanso magetsi a dzuwa a ku Salima, mamegawati 60, ndi a ku Golomoti, mamegawati 20, amasinthasintha mtambo ukadutsa, ndipo nthambo yolumikizana ndi gulu lalikulu imathandiza kuti kusinthaku kusagwetse magetsi dziko lonse.

Chimene ndimasirira pa msika wa SAPP ndi lamulo lake la ndalama. Sulowa chimanjamanja. Uyenera kuika kaye chikole, ndipo sungagule zopitirira chikole chakocho. N'chifukwa chake ngongole zikuluzikulu za magetsi m'chigawo chino zamera m'mapangano a awiri, osati pa msika.

Zofooka zake zilipo ziwiri zazikulu. Choyamba ndi njira. Kwa zaka zambiri, magetsi ogulidwa kale pa kompyuta akhala akulephera kufika kwa wogula chifukwa nthambo, makamaka zodutsa pakati pa Zimbabwe, zadzaza, ndipo mapangano a awiri ndiwo amayamba kupatsidwa malo. Msika umatola zotsala. Chachiwiri, msika sulonjeza kanthu. M'chaka cha chilala cha 2024, pamene madzi a ku Kariba anatsika mpaka mabanja a ku Lusaka ndi Chipata kumakhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi, aliyense ankafuna kugula ndipo ogulitsa anali ochepa. Mtengo unakwera, ndipo amene anali ndi madola m'thumba, monga migodi ya kopa, ndiwo anapeza njira kudzera mwa amalonda apadera monga Africa GreenCo. Wometa tsitsi ku Kapata, ku Chipata, anatsala ndi jenereta yake.

Apa pali chinthu chimene sitichinena mokwanira. Kariba ndi Cahora Bassa zili pa mtsinje umodzi wa Zambezi. Chilala chikagunda kumtunda, onse awiri amamva. Koma m'chaka chomwecho cha 2024, Nyanja ya Malawi inali itadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi, pamene mu 2016 ndi 2017 inali itatsika n'kutisiya ife mu mdima. Mvula siivuta paliponse nthawi imodzi, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumapatsa msika tanthauzo. Msika umakoma ukakula n'kufika kutali, ku Angola, ku Tanzania, mpaka ku madamu a Ethiopia nthambo ya Zambia ndi Tanzania ikadzatha. Msika wa anthu omwa pa chitsime chimodzi suthandiza chitsimecho chikauma.

Bungwe loweruza

Apa ndi pamene akatswiri a pa misonkhano amakonda kuthera nthawi. Kum'mwera kuno tili ndi RERA, mgwirizano wa mabungwe oyang'anira za mphamvu monga MERA ya kwathu ndi ERB ya ku Zambia, umene unayamba mu 2002 ndipo uli ku Windhoek. RERA imalangiza, imalemba ndondomeko, imaphunzitsa anthu, koma siingalamule dziko lililonse. Kwakhala kukukambidwa zoti isinthidwe kukhala bungwe lokhala ndi mphamvu zenizeni.

Kumadzulo kwa Africa anatenga njira imeneyi kale. West African Power Pool inabadwa mu 1999, likulu lake lili ku Cotonou, ndipo mu 2008 ECOWAS inakhazikitsa ERERA, yokhala ku Accra, yopatsidwa mphamvu yovomereza malamulo a msika, kukonza mitengo yodutsitsira magetsi ndi kuweruza mikangano. Pa pepala, iwo ali patsogolo pathu. Koma msika wawo wa chigawo unatsegulidwa mu 2018, patatha zaka 17 SAPP itayamba kale kugulitsana. Ndipo ERERA sinathe kuletsa kudulidwa kwa magetsi a Niger, popeza chigamulocho chinachokera kwa atsogoleri omwe anaibala.

Chitsanzo chokhwima kwambiri chili ku Central America. Mayiko asanu ndi limodzi, Guatemala, El Salvador, Honduras, Nicaragua, Costa Rica ndi Panama, anasaina pangano mu 1996 n'kugawa ntchito pa mabungwe atatu. CRIE, ku Guatemala, ndi woweruza wotha kupereka chindapusa. EOR, ku San Salvador, imayendetsa msika ndi kayendedwe ka magetsi. EPR ndi mwini wa nthambo ya SIEPAC, ya makilomita pafupifupi 1,800, imene inatha mu 2014. Malonda anakula ndithu malamulo atayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2013. Komabe nthambo imene inamangidwa kuti izinyamula mamegawati 300 nthawi zambiri sinkafika pamenepo, chifukwa mayiko ena ankaigwiritsa ntchito kukwirira kufooka kwa nthambo zawo za m'dziko. Woweruza analipo, koma sakanatha kumangira dziko nthambo zake.

Nanga kwathu kuno bungwe lotere lingakhale? Ndimakayika ndikakumbukira khoti la SADC. Linali ku Windhoek, linali ndi mphamvu, ndipo litaweruza motsutsana ndi boma la Zimbabwe pa nkhani ya minda mu 2008, atsogoleri analiimitsa mu 2010 n'kulithetsa mu 2012. Amene akufuna bungwe lalikulu lolamula mitengo ndi mapulani a magetsi m'mayiko onse akupempha chinthu chimene atsogoleri athu anaonetsa kale kuti sachipirira.

Koma pali chitsanzo china, chaching'ono, chimene chimandipatsa mtima. Zambezi River Authority, ya Zambia ndi Zimbabwe, inakhazikitsidwa mu 1987 ndipo ntchito yake ndi yopapatiza: kusamala damu la Kariba ndi kugawa madzi pakati pa siteshoni ya kumpoto ndi ya kum'mwera. Mu Novembala 2022 inalembera kampani ya Zimbabwe kuti yamaliza gawo lake la madzi a chakacho ndipo iime. Panali kukambirana, koma Zimbabwe inachepetsadi kwambiri kupanga magetsi ngakhale kuti anthu ake anali mu mdima. Mu 2024 bungweli linagawa madzi okwana makiyubiki mita 16 biliyoni, theka uku theka uku, ndipo onse anachepetsa kupanga magetsi ngakhale zinali zowawa. Chinapangitsa kuti amvere n'chakuti nkhaniyo inali yoyezeka. Madzi ali pa mlingo wakuti, gawo lanu ndi lakuti, mwagwiritsa lakuti. Palibe nduna imene ingatsutsane ndi ndodo yoyezera madzi.

Ndiye ngati RERA ikupatsidwa mano, ndingakonde akhale ochepa koma akuthwa: kukonza ndalama zolipira magetsi akamadutsa m'dziko la wina, kuonetsetsa kuti mwini nthambo sakutsekera anzake njira mwadala, ndi kuweruza msanga mikangano ya malonda. Zinthu zitatuzi n'zowerengeka ndi manambala. Mitengo imene mayi wa ku Ndirande amalipira pogula mayunitsi isiyidwe m'manja mwa MERA, chifukwa boma lililonse lidzakana kuipereka kunja, ndipo kulimbana nazo kudzangochedwetsa zinazo.

Za ndalama zodutsitsira magetsizi musazione zazing'ono. Malawi ikafuna kugula kwa Zambia kapena South Africa kudzera ku Matambo, magetsiwo adzadutsa pa nthambo za EDM, mwinanso za ZESA ya Zimbabwe. Mwini njira akapanda kulipidwa mokwanira alibe chifukwa chokulitsira nthambo yake kuti ithandize alendo. Akalipiritsa mopyola, malonda amafa. Dziko la kumapeto kwa nthambo ngati lathu ndilo limafunitsitsa woweruza pa nkhani imeneyi kuposa wina aliyense.

Kampani ya pamodzi

Vuto la nthambo yodutsa mayiko angapo ndi lakuti wotenga ngongole si amene amapindula kwambiri. Ntchito ya ZIZABONA, yolumikiza Zimbabwe, Zambia, Botswana ndi Namibia kuti ipepukitse njira ya pakati, yakhala ikukambidwa kuyambira cha m'ma 2008. Aliyense amavomereza kuti ndi yofunika, koma kampani ya boma imene ili kale m'ngongole siingapite kukakongola ndalama zomangira nthambo imene idzanyamule magetsi a ena.

Yankho limene lagwirapo ntchito ndi kupanga kampani yapadera, yokhala ndi mabuku akeake. MOTRACO, ya EDM, Eskom ndi kampani ya magetsi ya Eswatini, inamanga nthambo zopita ku Maputo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo inayenda chifukwa kumapeto kwa nthambo kunali wogula wamkulu wolipira, fakitale ya aluminiyamu ya Mozal. EPR ya ku Central America ili ndi eni ake ochokera m'mayiko onse asanu ndi limodzi kuphatikizapo makampani a ku Colombia, Mexico ndi Ulaya. Burundi, Rwanda ndi Tanzania anamanga siteshoni ya mamegawati 80 pa mathithi a Rusumo ndi kampani imodzi ya atatu. Malawi ndi Tanzania ali ndi komishoni ya mtsinje wa Songwe, imene ikufuna kumanga siteshoni ya mamegawati pafupifupi 180 yogawana. Mu 2024 SAPP inalengeza thumba lofuna kusonkhanitsa madola 1.3 biliyoni omangira nthambo za chigawo, lomwe cholinga chake ndi chomwechi: kuchotsa ngongole pa mapewa a kampani imodzi.

Mwa njira zonse, iyi ndiyo imasiya chinthu chogwirika. Koma onani zimene zinachitika kwa TRANSCO CLSG, mwini wa nthambo ya makilomita pafupifupi 1,300 yolumikiza Côte d'Ivoire, Liberia, Sierra Leone ndi Guinea. Nthambo inamangidwa, magetsi anayenda, kenako ogula anayamba kulephera kulipira. Mu Epulo 2024 mzinda wa Freetown ku Sierra Leone unakhala masabata mu mdima chifukwa cha ngongole kwa ogulitsa magetsi, mpaka nduna ya zamphamvu inatula pansi udindo. Kampani ya pamodzi imamanga nthambo, koma siingakakamize wogula kutolera ndalama kwawo.

Pamene pali bala lenileni

Mukayang'ana njira zinayi zonsezi, zimaphunthwa pa mwala umodzi. ZESA yakhala ikuchepetsedwa magetsi ndi Eskom ndi Cahora Bassa chifukwa cha ngongole, monga zinachitikira mu 2019. Bungwe loyang'anira magetsi ku Nigeria limalemba kawirikawiri za ndalama zimene Benin, Togo ndi Niger sanalipire. Wogulitsa amene wapsa kamodzi amakweza mtengo, amafuna chitsimikizo cha boma, kapena amangoleka kumanga siteshoni yogulitsa kunja.

Amayi a banki m'khonde amaidziwa bwino nkhaniyi. Gulu silifa chifukwa chosowa malamulo olembedwa m'kope. Limafa pamene membala mmodzi waleka kubweza, anzake n'kumuchitira manyazi, mwezi wotsatira wachiwiri n'kuona kuti palibe chimachitika. Gulu limene limakhalitsa ndi lija lokhala ndi chindapusa chimene ngakhale mkazi wa amfumu amalipira.

Kwa ife vutoli lili ndi nkhope ziwiri. ESCOM imagulitsa mayunitsi m'makwacha koma magetsi akunja idzagula m'madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tsiku lotere, bilu ya kunja imakwera usiku umodzi pamene mtengo wa yunitsi ukudikira chilolezo. Ndipo ngakhale makwacha atakhalapo, madola ayenera kupezeka ku banki, kumene akulimbiranidwa ndi ogula mafuta, feteleza ndi mankhwala. Palibe bungwe la ku Harare kapena ku Windhoek limene lingathetse zimenezi.

Chimene chigawo chingachite ndi kukulitsa lamulo la chikole lija kuti lifikenso ku mapangano a awiri: akaunti yapadera imene gawo la ndalama za wogula limalowa lisanakhudzidwe ndi zina, kalata ya banki yotsimikiza malipiro a miyezi ingapo, ndi thumba la chigawo, lothandizidwa ndi mabanki a chitukuko, lolipira wogulitsa wogula akachedwa n'kutsata wogulayo pambuyo ndi chiwongola dzanja. Izi sizikoma pa chithunzi monga kudula riboni, ndipo sizifuna pangano latsopano lodikira nyumba za malamulo 12. Koma ndizo zimachititsa wogulitsa kutsitsa mtengo.

Ndikadafunsidwa za Malawi

Sindingataye pangano la awiri. Tinaona mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anawononga Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Chigayo chinkatsegulidwa pakati pa usiku magetsi akabwera, amayi atagona pa mzere ndi matumba awo a chimanga. Tinaonanso mtengo wa majenereta a dizilo obwereka kuyambira mu 2018. Poyerekeza ndi zimenezo, mamegawati 50 otsimikizika ndi otchipa. Koma ndingasunge gawo lotsimikizikali kukhala laling'ono, lokwana zimene tingalipire ngakhale m'chaka choipa cha madola, zotsalazo n'kumagula pa msika maola amene zatchipa. Nthambo ya makilovoti 400 ingathe kunyamula zambiri kuposa 50, ndipo malo otsalawo ndiwo chuma chake chenicheni.

Chachiwiri ndingathamangire nthambo ina. Kuchokera ku Phombeya pali kale nthambo ya makilovoti 400 yofika ku Nkhoma, yomangidwa ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation, ndipo kuchokera ku Nkhoma kupita ku Chipata si kutali. Dziko lokhala ndi khomo limodzi ndi wogula wa kumapeto. Likakhala ndi makomo awiri limasanduka njira, limalandira ndalama za odutsa, ndipo likamakambirana mtengo limakhala ndi kwina koloza. Imeneyi ndi ntchito yoyenera kampani ya pamodzi, osati ngongole ya ESCOM yokha.

Pa misonkhano ya SADC, mawu a Malawi ndingawaike pa mphamvu zitatu zopapatiza za RERA ndi pa thumba lotsimikiza malipiro, osati pa bungwe lalikulu lolamula zonse. Mayiko aakulu angathe kudziteteza okha pa mkangano. Ife sitingathe.

Pomaliza pali ntchito ya pakhomo imene palibe mlendo angatigwirire. Kuchokera pamene EGENCO inapatulidwa ku ESCOM mu 2017, udindo wogula magetsi m'malo mwa dziko unasamutsidwira ku Power Market Limited, kenako kampaniyo inathetsedwa udindowo n'kubwerera ku ESCOM. Wogulitsa wa kunja amafuna kudziwa kuti amene wasaina naye lero adzakhalapo zaka khumi zikubwerazi. Ndipo pa desiki ya malonda pafunika anthu ophunzitsidwa, odziwa kulosera kuti mawa nthawi ya 6 koloko madzulo dziko lidzafuna mamegawati angati, okhala ndi chilolezo chogula ndi kugulitsa m'mawa womwewo popanda kudikira kalata yochokera ku Capital Hill, chifukwa msika wa ku Harare umatseka pa ola lake.